Mlembi weniweni ndani? Ampangankhani ndi tsatanetsatane m'buku la Half of a Yellow Sun

Ophunzira ambiri akafunsidwa kuti afotokoze khalidwe la mpangankhani, amangokopera zomwe mpangankhaniyo amanena za iye mwini. Iye akati ndine wachifundo, iwo amalemba kuti ndi wachifundo. Akati ndine mlembi, iwo amalemba kuti ndi mlembi. Malikisi ambiri amatayikira pamenepa. M'nthano yaitali munthu timamudziwa ndi zomwe wachita, zomwe walephera kuchita, komanso zomwe anzake akunena iye kulibe. Kuti mfundoyi imveke, m'mutu uno tizukuta buku lomwe mlembi wake adatchera dala msampha wotere, ndipo owerenga ambiri, akuluakulu omwe, amakodwamo.

Bukuli ndi Half of a Yellow Sun lomwe adalemba Chimamanda Ngozi Adichie wa ku Nigeria. Lidatuluka mu 2006 ndipo mu 2007 lidapata mphotho ya Orange. Lili m'Chingerezi, komabe kazukutidwe kake n'komweko komwe mumagwiritsa ntchito pa Nthondo kapena nthano yaitali ina iliyonse ya m'Chichewa. Kuno kwathu buku loyandikira mutu umenewu ndi No Easy Task la Aubrey Kachingwe, la mu 1966, momwe Jo Jozeni, mwana wa m'busa wakumudzi, adapita mumzinda kukayamba ntchito ya utolankhani. Koma mtolankhani amakhala ndi bwana womutuma. M'buku la Adichie muli anthu awiri omwe palibe adawatuma kulemba buku: wina adauza aliyense kuti akulemba, winayo palibe adamuganizirako n'komwe.

Malo ndi nthawi

Nkhaniyi ikuchitika ku Nigeria m'zaka za m'ma 1960. Dzikoli lidalandira ufulu mu 1960. Mu 1966 asilikali adalanda boma kawiri, ndipo chaka chomwecho anthu zikwizikwi a mtundu wa Igbo omwe ankakhala kumpoto adaphedwa. Opulumuka adathawira kwawo, kuchigawo chakum'mawa. Pa 30 Meyi 1967 Chukwuemeka Odumegwu Ojukwu adalengeza kuti chigawochi chadzipatula ndipo chikhala dziko la Biafra. Pambendera yake padali dzuwa lotuluka theka, lofanana ndi la pambendera yathu, kungoti lawolo lidali lachikasu. Mutu wa bukuli udachokera pamenepo.

Nkhondo idabuka mu Julaye 1967 ndipo idatha mu Januwale 1970 Biafra itagonja. Anthu ambiri adafa ndi njala, osati chipolopolo, popeza njira zolowetsera chakudya zidatsekedwa. Maiko oyandikana nafe, Tanzania ndi Zambia, adali m'gulu la maiko ochepa omwe mu 1968 adavomereza Biafra kuti ndi dziko, n'chifukwa chake m'bukuli mupezamo malo omwera mowa otchedwa Tanzania Bar.

Tsatanetsatane wosayenda m'msewu umodzi

Nthondo ndi nthano yoyenda molunjika. Timayamba ndi kubadwa kwa mpangankhani wamkulu, timutsata akukula mpaka imfa yake, monga munthu wochoka ku Lilongwe amadutsa pa Chitedze, pa Msundwe kenaka pa Namitete asanafike ku Mchinji. Buku la Adichie silitero. Lili ndi magawo anayi. Gawo loyamba ndi la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, lachiwiri ndi la kumapeto kwa zakazo, lachitatu libwereranso kumayambiriro, ndipo lachinayi litibwezera kunkhondo mpaka mathero. Zili ngati galimoto yafika pa Namitete kenaka yatembenuka kubwerera pa Chitedze kukatola katundu yemwe adagwa.

Katundu wogwayo ndi uyu. M'gawo loyamba tikumana ndi Odenigbo, mphunzitsi wa masamu payunivesite ya ku Nsukka. Bwenzi lake Olanna. Mphasa wa Olanna dzina lake Kainene. Richard Churchill, Mngerezi yemwe adagwa m'chikondi ndi Kainene. Ndi Ugwu, mnyamata wantchito wa m'nyumba ya Odenigbo. Tikalowa m'gawo lachiwiri tipeza m'nyumbamo muli kamtsikana komwe onse amangokatchula kuti Baby, amapasa aja sakuyankhulana bwino, ndipo Richard adaleka kufika pakhomopo. Mfotokozankhani satiuza chifukwa chake. Atisiya m'malere mpaka gawo lachitatu, momwe timva kuti mayi a Odenigbo, posamufuna Olanna, adabweretsa mtsikana wakumudzi dzina lake Amala. Odenigbo adagona naye ndipo mwana adabadwa. Olanna, mtima uli wosweka, adagona ndi Richard. Mwana uja adaleredwa ndi Olanna yemweyo.

Dziwani kuti tsatanetsatane si mndandanda wa zochitika chabe ayi. Ndi zochitika zomangidwa ndi mawu oti "chifukwa chake". Wophunzira wolemba kuti "kenaka, kenaka, kenaka" akungokamba nthano ya madzulo. Wolemba kuti Kainene adatentha mapepala a Richard chifukwa adamva kuti Richard adagona ndi m'bale wake, ameneyo ndiye akuzukuta. Mukamawerenga buku lodumphadumpha chotere, tengani pepala, lembani zochitika zikuluzikulu m'ndondomeko ya zaka, kenaka mudzifunse kuti mlembi wapindulanji pozisokoneza. Pano phindu lake n'loonekeratu: pomwe tikumva za chiwembu cha m'banja, timakhala titaona kale mitembo ya ku Kano, choncho timayeza tokha kulemera kwa mabala awiriwa. Kainene nayenso adadzayeza chimodzimodzi. Ataona zoopsa za nkhondo adakhululukira Olanna.

M'nthano yonena za munthu wofuna kukhala mlembi muli ulusi wina womwe ophunzira amauiwala: tsogolo la zolemba zenizenizo. Zitsateni ngati kuti nazonso ndi mpangankhani. Kodi zidayamba liti? Adaziwerenga ndani? Zidathera kuti? M'bukuli muli mabuku atatu oterewa. Loyamba lidapsa, lachiwiri lidakwiriridwa m'nthaka, lachitatu lokha ndi lomwe timawerengako zidutswa zake.

Richard Churchill

Richard adabwera ku Nigeria atakopeka ndi zinthu zamkuwa zamakedzana zomwe zidafukulidwa ku Igbo-Ukwu, makamaka mphika wokulungidwa ndi zingwe zamkuwa. Zinthuzi si zopeka. Katswiri wofukula zakale Thurstan Shaw adakumba malowa mu 1959 ndi 1960. Kulikonse komwe Richard ankapita ankadziwika kuti ndi mlembi. Adali ndi nyumba, nthawi, makina otayipira ndi wantchito womuphikira dzina lake Harrison. Chosowa chidali chimodzi: sankadziwa kuti buku lake likukamba za chiyani. Ankalemba masamba, kuwakwinya, kuyambiranso.

Buku lake loyamba, The Basket of Hands, ndi lomwe Kainene adatentha. Taonani bwino momwe Richard adazilandirira. M'malo molira ntchito yake, mtima wake udakhala pansi, chifukwa adazindikira kuti mkazi wobwezera motero sakufuna kuthetsa chibwenzi. Chochitika chimenechi chikutiuza zambiri kuposa mawu onse omwe Richard adanena okhudza ulembi: kwa iye Kainene adali woposa buku. Lachiwiri, In the Time of Roped Pots, Harrison adalikwirira m'munda wa pakhomo pothawa nkhondo ku Nsukka.

Musafulumire kumunyoza Richard, pakuti wophunzira wolemba zoipa zokhazokha amatayanso malikisi. Iye adaphunzira chiyankhulo cha Igbo. Ataona mnyamata wina dzina lake Nnaemeka akuphedwa pabwalo la ndege ku Kano, adayenda ulendo kukauza makolo ake. Nkhondo itavuta adali ndi mwayi wobwerera kwawo koma adakhala. Adalembanso nkhani zodziwitsa maiko akunja za mavuto a Biafra atapemphedwa ndi Madu, mkulu wa asilikali yemwe adali mnzake wa Kainene. Koma chifukwa chomwe Madu adapereka n'chowawa: azungu anzake adzamukhulupirira iyeyo chifukwa ndi mzungu. Apa mkangano wa mumtima mwa Richard ukuonekera poyera. Ankafuna kuwerengedwa ngati mwini mudzi, pomwe phindu lake kwa eni mudziwo lidagona pa ulendo wake womwewo. Ndipo kumathero, Kainene atasowa, Richard adamenya Madu chifukwa cha nsanje, maganizo atsankho omwe ankayesa kuti alibe atatumphuka mumtima mwake.

Ugwu

Kuti mumumvetse Ugwu, ganizirani mnyamata wa ku Nsaru kapena kwa Kabudula yemwe sukulu adalekera panjira, ndipo azakhali ake amupezera ntchito m'nyumba ya katswiri wina wofufuza za mbewu pa Chitedze. Mtunda wochoka kumudzi kwawo si wautali, koma m'nyumbamo zonse n'zachilendo: mpopi wa m'kati, firiji, mabuku mpaka kudenga, alendo otsutsana m'Chingerezi usiku wonse. Ugwu adafika kwa Odenigbo motero. Adali ndi zaka 13, wochokera m'mudzi wa Opi, ndipo adamuperekeza ndi azakhali ake omwe ankasesa payunivesitepo. Tsiku loyamba adabisa nyama yankhuku m'matumba a kabudula kuti akapatse abale ake. Tsiku lina adapsereza sokosi ya bwana wake poisita. Palibe wowerenga angaganize kuti uyu ndiye mlembi.

Komabe zizindikiro zilipo kuyambira pachiyambi. Odenigbo adamubwezera kusukulu, namulangiza kuti mafunso ena ali ndi mayankho awiri: lokhozera mayeso ndi loona. Chitsanzo chake chidali mtsinje wa Niger. Pamayeso alembe kuti adautulukira ndi Mungo Park, koma adziwe kuti makolo ake ankawedzamo nsomba Park asanabadwe. Inunso mudamvapo kuti David Livingstone adatulukira nyanja ya Malawi mu 1859, ngati kuti asodzi a m'mbali mwa nyanjayo ankaiona ngati dambo. Phunziro limeneli ndi mbewu ya buku lonse. Kuyambira pamenepo Ugwu adakhala munthu womvetsera. Poperekera zakudya ankatchera khutu ku mikangano ya aphunzitsi ndi ndakatulo za Okeoma, mlakatuli yemwe adadzafera kunkhondo. Banjali litathawira ku Umuahia, Ugwu adathandiza Olanna kuphunzitsa ana pabwalo.

Kusintha kwakukulu kudadza pomwe adagwidwa mokakamiza kulowa usilikali. Kumsasa, komwe kale kudali sukulu, adatola buku la mbiri ya Frederick Douglass, kapolo wa ku America yemwe adathawa ukapolo nalemba yekha za moyo wake mu 1845. Ugwu adaliwerenga mobwerezabwereza, ndipo adakwiya koopsa msilikali mnzake wamng'ono, High-Tech, atang'amba tsamba lake n'kupichirira chamba. Taonani kusiyana kwake ndi Richard: mwini buku adapepukidwa mtima buku lake lonse litapsa, pomwe wantchito wa m'nyumba adalusa chifukwa cha tsamba limodzi la buku la munthu wina.

Pali chochitika china chomwe ophunzira ena amachilumpha chifukwa amamukonda Ugwu. Iye pamodzi ndi asilikali anzake adagwiririra mtsikana wogulitsa mowa. Poyamba adazengereza, koma anzake atamuseka kuti ndi wamantha adachita nawo. Musachibise poyankha funso. Mpangankhani wosinthasintha sasintha kupita kwabwino kokha ayi, ndipo mlembi adaika dala tchimo lalikulu chotere pa munthu yemwe timamukonda kwambiri, kuti tione zomwe nkhondo ndi mantha oopa kusekedwa zimachita kwa mwana wabwino. Atavulala koopsa n'kupulumuka, nkhope ya mtsikanayo idamusowetsa tulo. Pamenepo ndi pomwe adayamba kulemba, ku Orlu, komwe Kainene ankayang'anira msasa wa anthu othawa nkhondo. Makina otayipira adalibe. Ankalemba m'mphepete mwa nyuzipepala zakale ndi kuseri kwa mapepala otha ntchito. Nkhondo itatha adapeza mayi ake atamwalira, ndipo adamva kuti mlongo wake Anulika nayenso adagwiriridwa ndi asilikali.

Kodi kulembako kudafafaniza mlandu wake? Ena amati inde. Ife tikuona kuti bukuli silinena zimenezo. Mtsikana uja sadatchulidwe ngakhale dzina, sadapepesedwe, ndipo Ugwu adasunga chinsinsicho. Mutha kutsutsana nafe, bola mupereke umboni wochokera m'buku.

Msampha uja

Kumapeto kwa mitu ina mumapezeka tizidutswa ta buku lotchedwa The World Was Silent When We Died, kutanthauza kuti dziko lapansi lidangokhala chete pomwe ife tinkafa. Mfotokozankhani satchula dzina la mlembi wake, amangoti "iye". Popeza tauzidwa kale kuti Richard ndi mlembi, ndipo mutu umenewu adauganiza ndi Richard yemweyo, timangoti bukuli ndi lake. Patsamba lomaliza ndi pomwe timazindikira kuti mlembi ndi Ugwu, pomwe akulipereka kwa bwana wake. Apa ndiye pachimake pa ulusi wa zolemba uja, ngakhale kuti ulusi wa banja umathera m'malere: Kainene adapita kukagula zinthu kuseri kwa adani nkhondo ili pafupi kutha ndipo sadabwerenso.

Mlembi waluso sanamiza owerenga. Amangowalola kuti adzinamize okha. Mukabwerera m'mbuyo mupeza kuti mapazi a Ugwu adali poyera. Kachidutswa koyamba kakukamba za mayi wina yemwe Olanna adakwera naye sitima pothawa ku Kano, atanyamula chipanda momwe mudali mutu wa mwana wake wamkazi, ndipo kakunena kuti mlembiyo adamva nkhaniyi kwa Olanna. Patsogolo pake m'gawo lachinayi tiona Olanna akufotokoza nkhani yomweyo, ndipo wofunsa za malukidwe a tsitsi la mwanayo, uku akulemba, ndi Ugwu. Chizindikiro china chikuchokera kwa Kainene. Richard atamuuza mutu wa bukulo, iye adadabwa ndi mawu oti "ife", ngati akufunsa kuti kodi nawenso uli m'gulu la akufawo? Potsiriza Richard adavomera yekha kwa Ugwu kuti nkhani ya nkhondoyi si yake yoti aikambe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

N'chifukwa chake funso loti mpangankhani wamkulu ndani m'bukuli lilibe yankho lachidule. Mfotokozankhani amatilowetsa m'maganizo mwa anthu atatu mosinthanasinthana: Ugwu, Olanna ndi Richard. Odenigbo ndi Kainene timangowaona kudzera m'maso mwa anzawo, mwina n'chifukwa chake kusowa kwa Kainene kumapweteka chotero, poti sitidalowepo mumtima mwake. Woyankha kuti Olanna ali ndi umboni wokwanira. Koma nkhani ikuyamba ndi Ugwu akulowa m'nyumba ya eni, ndipo ikutha ndi Ugwu atagwira cholembera.

Nkhani ndi ya yani?

Funso limeneli si la ku Nigeria kokha. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, adalemba Nthondo m'chiyankhulo chake nalowa nalo mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures. Adapambana, ndipo bukulo lidasindikizidwa mu 1933. Nthawi imeneyo zambiri zokhudza Achewa ankalemba ndi azungu a mishoni ndi a boma. Mu 1934 Thomas Cullen Young, yemwe adagwirapo ntchito ya mishoni ku Livingstonia, adalimasulira m'Chingerezi pamutu woti Man of Africa. Mlendo adagwira ntchito yonyamula nkhaniyo kupita nayo kutali, koma mwini nkhani adakhalabe Nthara. Richard adafika pozindikira malire omwewo, mochedwa.

Komabe samalani kuti musapitirire muyeso n'kumati munthu azilemba zokhazo zomwe adaziona ndi maso. Ugwu sadakwere sitima ya ku Kano. Adichie yemwe adabadwa mu 1977, nkhondo itatha kale. Agogo ake aamuna onse awiri adafa m'nthawi ya nkhondoyi, ndipo zambiri adazimva kwa makolo ndi abale ake. Chomwe chikusiyanitsa Ugwu ndi Richard si khungu lokha. Richard ankafuna dzina la ulembi ndipo ankasakasaka nkhani yoti imupatse dzinalo. Ugwu adali ndi nkhani yomusautsa, adadziwa kufunsa funso laling'ono ngati la malukidwe a tsitsi, ndipo adakhala chete kudikira yankho.

Poyankha mafunso

Mukapatsidwa funso la khalidwe, tchulani khalidwelo, perekani chochitika chotsimikizira, kenaka fotokozani kugwirizana kwake. Kulemba kuti "Richard adali wosakhazikika maganizo" n'kusiyira pomwepo ndi theka la yankho. Onjezani kuti adayamba mabuku awiri osatsiriza ngakhale limodzi, ndipo mutu wa lachitatu adausiyira Ugwu. Pewaninso mawu ongoti "wabwino" kapena "woipa". Sauza woyesa mayeso chilichonse.

Ntchito

1. Lembani zochitika izi m'ndondomeko ya nthawi yomwe zidachitikira, osati momwe zikupezekera m'buku: kuphedwa kwa Nnaemeka, kubadwa kwa Baby, kutenthedwa kwa mapepala a Richard, kusowa kwa Kainene.

2. Fotokozani makhalidwe awiri a Ugwu omwe akutsutsana, ndipo perekani umboni pa khalidwe lililonse.

3. Kodi nkhaniyi ikadataya chiyani mlembi akadatiuza pachiyambi pomwe kuti tizidutswa tija tidalembedwa ndi Ugwu?

4. Sankhani mpangankhani mmodzi m'buku la Nthondo. Siyanitsani zomwe iye amanena za iye mwini ndi zomwe amachita.

5. Pezani munthu wamkulu m'mudzi mwanu yemwe akukumbukira njala ya mu 2002. Mupempheni mwaulemu kuti akufotokozereni za tsiku limodzi lokha la nthawi imeneyo. Lembani tsamba limodzi, ndipo musanabwere nalo m'kalasi mukamuwerengere mwini wakeyo kuti akuuzeni pomwe mwalakwitsa.